Mmene Alamu Anasandukira Mzukwa m'Katoni ya Sopo

Sukulu ndinaisiyira Folomu 3, ndipo musandifunse chifukwa, pakuti ofunsawo sanandigulirepo ngakhale kope. Nditakhalitsa pakhomo, amalume anagamula kuti mvula ikayandikira ndikwere lole yopita ku esiteti ya fodya ku Kasungu, pokhapokha nditawaonetsa ntchito ya manja anga. Iwowo ntchito ya manja awo inali kuloza.

Masiku omwewo ku parishi ankasesa chipinda cha wansembe wina wachizungu amene anamwalira kalekale. Amayi, omwe sajomba pa ntchito za tchalitchi, anabwerako ndi kabokosi kakuda ka magalasi awiri, ati n'koonera patali. Sikankaonetsa patali. Kanali ndi makadi ake, lililonse lili ndi tizithunzi tiwiri ta filimu, tofanana ngati mapasa. Ukalowetsa khadi n'kulozetsa kabokosiko kudzuwa, tiwirito tinkasanduka chithunzi chimodzi chakuya: mtengo kutsogolo, masisitere pakati, tchalitchi kumbuyo, moti umafuna kupisamo dzanja.

Nditawayang'anitsitsa mapasawo ndinaona kuti amasiyana. China anachijambula ali kumanzere pang'ono, china kumanja, monga mmene maso athu atalikiranira. Diso lililonse limaona chake, mutu n'kuphatikiza.

Kamera ya maso awiri ndinalibe, nanga filimu ndikanaigula kuti? Ndinabwereka foni ya achemwali. Ndinkaima nji, kutsamira mwendo wamanzere, kujambula, kutsamira wamanja, kujambulanso. Zithunzizo ndinkakazitulutsa zazing'ono pa Namitete n'kuzimata moyandikana. Choonera ndinapanga ndi katoni ya sopo, chotchinga pakati, ndi magalasi owerengera a pamsika, aja amagula madala ofuna kuoneka ngati amawerenga. Poyamba ndinkasuntha kwambiri, maso n'kumatuluka misozi. Tsiku lina ndinasinthanitsa chakumanja ndi chakumanzere, chigafa chathu cha fodya chinaoneka ngati dzenje. Kenaka zinatheka. Lamulo linali limodzi: pakati pa kujambula koyamba ndi kwachiwiri, pasasunthe kanthu. Mbuzi sizimva lamulo limeneli. Ndinkayesa anthu amamva.

Lamlungu lina titaweruka ku Misa ndinasonkhanitsa banja patsogolo pa chigafa kuti amalume aone ntchito yanga. Iwo anakhala pampando pakati, achemwali pambali, ana pansi. Kumapeto kunaima alamu, amuna awo a achemwali, mkamwini wolima dimba lonse la pamudzi pathu koma wosayankhula pagulu. Amayi anali m'nyumba kusintha chitenje. Ndinawauza onse kuti aume ngati zitsa. Ndinajambula choyamba. Ndikutsamira mwendo wamanja, amayi anatulukira kumbuyo kwanga. Kwathu mkamwini saima maso ndi maso ndi apongozi ake, choncho alamu analowa kuseri kwa chigafa mwaulemu wonse. Ine maso anali pa foni, kusamala kuti isapendekeke. Sindinaone.

Zithunzi zitabwera, amalume anaika maso pa katoni n'kuyang'anitsitsa. Banja lonse linalimo, lakuya bwinobwino. Alamu okha ankaoneka n'kuzimiririka, pakuti diso lina linkawaona, lina ayi. Mitengo ya chigafa inkaonekera pachifuwa pawo.

“Kodi mkamwiniyu alimo kapena mulibe?” anafunsa amalume.

Dzuwa lisanalowe, mudzi wonse unali utadziwa kuti ndili ndi katoni yogwira mfiti. Anthu omwe ankandiseka kuti ndikuvina pojambula anayamba kundipatsa moni wa manja awiri. Mayi wina anandinong'oneza kuti ndikajambule mkazi mnzake. Bambo wa mu kwaya ankafuna ndijambule kwaya yonse, makamaka oimba besi. Amalume anandigwira paphewa koyamba chibadwire changa, nati ntchito ndapeza, lole ipite yokha.

Koma achemwali anasiya kudya. Anandiuza kuti akuluakulu ayamba kukambirana zowasudzula alamu kuti abwerere kwawo ku Nambuma. Alamuwo ankangopita kudimba n'kubwerako, osadzikanira ngakhale liwu limodzi. Ulemu unawaika m'mavuto, ulemu womwewo n'kuwatseka pakamwa.

Ndinawafotokozera amalume za mwendo wamanzere ndi wamanja, za amayi ndi chitenje chawo.

“Iwe, wolephera Folomu 3 ukufuna kuphunzitsa maso anga kuona, eti?”

Ine kuleza mtima ndinabadwa ndilibe. Ndinawapempha kuti ndiwajambule okha, monga mwini mbumba. Anavala jekete, nakhala pampando uja, chibwano m'mwamba. Nditajambula choyamba ndinawauza kuti m'nyumba mwafika chipanda cha masese. Sanafunse kuti wabwera nacho ndani. Atanyamuka, ndinatsamira mwendo wamanja n'kujambula mpando wokhawokha.

Tsiku loonetsa ndinaitana onse ofuna kugwira mfiti aja. Katoni ndinayamba kuipereka kwa amayi a pamjigo, podziwa kuti iwowo nkhani sagona nayo. Inayenda dzanja ndi dzanja, aliyense akachotsa maso n'kuyang'ana pansi. Itafika kwa amalume, anadziona okha ndi jekete yawo, akuoneka n'kuzimiririka, mpando ukuonekera pamimba.

Anaibweza katoni ija pang'onopang'ono.

“Chida ichi n'chabodza,” anatero. “Lole ndi Loweruka.”

Onse anavomereza kuti anali atakayika kale. Bambo wa mu kwaya anati iye anadziwa kuyambira pachiyambi. Nkhani yosudzula inafera pomwepo, ndipo palibe anapepesa alamu, poti kupepesa mkamwini n'kumuzoloweza.

Loweruka alamu anandinyamulira chikwama mpaka pamsewu wa Mchinji. Sanati zikomo, inenso sindinadikire. Pobwerera anaona amayi akubwera kudzatsanzika, napatukira m'munda wa mtedza.

Ku esiteti kuli mizere ya fodya yoima nji tsiku lonse, yosasuntha, yoyenera kujambula kuposa abale anga onse. Koma foni inatsala ndi mwini wake. Kabokosi ka wansembe ndinapita nako, ndipo Lamlungu ndinkakalozetsa kudzuwa n'kumaonera masisitere aja.