Kalavani ya Kuseri kwa Nyumba ya Anti

Miyezi isanu ya chaka changa choyamba ku London ndinagona m'kalavani. Abale anga ku Zomba ndinkangowauza kuti ndapeza chipinda changachanga ku Romford, ndipo silinali bodza kwenikweni. Munali bedi, kasinki, timakatani ta maluwa ofiirira, ndi kachimbudzi kakang'ono koti ukakhala pansi mawondo ankagunda chitseko. Chimene sindinkawauza n'chakuti chipindacho chinali ndi matayala.

Mwini wake anali mayi wina wa ku Chipata, namwino wa pachipatala chachikulu cha kumeneko, amene anali atatsala pang'ono kupuma pa ntchito. Kutchalitchi tonse tinkangowatchula kuti Anti. Atamva kuti ndikugona pa sofa kwa mnzanga chifikireni, anandikokera pambali titatuluka m'mapemphero.

"Nyumba yanga yadzala, mwana wanga wabwerako na bana bake," anatero m'Chinyanja chawo cha ku Zambia chija. "Koma kumbuyo kuli kalavani ya amuna anga. Ingonkhala chabe. Ngati suyopa, bwera."

Amuna awowo anali dalaivala wa basi, ndipo anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo. Chichokereni iwo, kalavaniyo inangoima pakapinga kuseri kwa nyumba, osasuntha. Tsiku limene ndinafika, Anti anandipatsa kiyi n'kuima pakhomo, osalowa. Za chimbudzi anangolozera ndi chala. Anati pansi pa mpando pali kachogwirira, ukakoka kamatsegula kachitseko ndipo zonse zimagwera m'kathanki, kathankiko kakadzaza umakasolola cha kunja n'kukakhuthula m'toileti ya m'nyumba. Ine ndinangoti chabwino, ngati kuti ndamva zonse.

Ndinalowamo mu Epulo, kunja kukadali kozizira, ndipo panalibe vuto. Ndinkadzuka m'mamawa kukakwera basi yopita ku nyumba yosungira okalamba kumene ndinkagwira ntchito ya keya. Ndikaweruka ndinkabwerera m'kanyumba kanga, kutseka chitseko, kuwiritsa tiyi. Mvula ikamagwa padenga pake inkamveka ngati pa malata a kwathu. Ndinkaikonda kalavani ija kuposa mmene ndinkaonetsera.

Kenako kunabwera Juni, ndipo chaka chimenecho kunatentha zedi. Kalavani ikakhala chitsekere tsiku lonse padzuwa imasanduka uvuni. Madzulo ena nditatsegula chitseko, fungo linandilandira ngati munthu wondikankha pachifuwa. Linali litalowa m'makatani, m'bulangete, ngakhale mu yunifolomu imene ndinaikoleka kuti ndivale mawa lake. M'basi ndinkakhala kumbuyo kwenikweni, n'kumadzinunkhiza paphewa mobisa.

Sindinauze munthu. Ndinali mayi wa ana awiri, ndipo tsiku lonse ndinkasambitsa anthu ena ndi kuwasintha zofunda mpaka zipinda zawo kumanunkhira. Ndikanayamba bwanji kuuza munthu amene wandisunga kuti chimbudzi changa chandikanika? Ndinkakumbukira chimbudzi chokumba cha kwathu, mmene tinkangothiramo phulusa m'mawa uliwonse n'kuvundikira ndi thabwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ku Romford phulusa ukalipeza kuti, poti aliyense amaphikira gasi?

Ndinayamba ndi zopopera zonunkhiritsa. Zinangosakanikirana ndi fungo lija n'kubala fungo lachitatu loipa kuposa onse awiri. Kenako ndinagula chigubu cha bulichi. Ndinkathira mosaumira, m'mawa ndi madzulo, nthawi zina n'kutsatiza madzi owira a m'ketulo. Kwa masiku awiri zinaoneka ngati zatheka. Patapita milungu iwiri zinafika poti ngakhale nditangokhuthula kumene kathanki kaja, fungo linkakwerabe.

Loweruka lina masana Anti akuyanika zovala pafupi ndi zenera langa, ndinaona aima, chopanira zovala chili pakamwa. Anachilavulira m'dzanja.

"Iwe, mwafa khoswe umo?"

Ndinatuluka n'kuwauza zonse, maso ali pansi. Poyamba anaseka mpaka kugwira chingwe choyanikira. Koma nditatchula bulichi, kuseka kunatha.

"Bulichi? Na madzi yakupya? Mayo ine! Pali labala paja pa kachitseko, ndiye igwira fungo kuti isakwere. Waipha labala, mwana iwe. Nanga sunakambe chifukwa chani?"

"Ndimachita manyazi, Anti."

"Manyazi na ine? Zaka zonse izi nigwira nchito yanji ku chipatala?"

Atatero anapukuta manja pa chitenje n'kukwera m'kalavanimo. Apo m'pamene ndinazindikira kuti chibwerereni ine, anali asanapondemo. Anagwada n'kunyamula khushoni ya mpando wina umene ine sindinkadziwa n'komwe kuti umatseguka. Pansi pake panali mabotolo awiri, lina la madzi a buluu, lina la apinki, magolovesi aatali, kabotolo ka mafuta a olivi, ndi kakapu ka pulasitiki kokhala ndi mzere wojambulidwa ndi cholembera chakuda.

Anatsegula botolo la buluu lija n'kulinunkhiza. Kenako anakhala pabedi langa, botolo lili pamiyendo. Ine ndinangoima pakhomo, osadziwa kuti ndilowe kapena ndichoke.

"Fungo ya holide iyi," anatero patapita nthawi.

Anandiuza kuti amuna awo anagula kalavaniyo ana akadali aang'ono, anzawo onse akuwaseka kuti munthu wa ku Chipata wafuna chiyani ndi nyumba yokoka. Chaka chilichonse sukulu akatsekera ankaimangirira kugalimoto n'kupita nayo kunyanja ya mchere. Nthawi zambiri pabwalo lonse la makalavani anthu akuda ankakhala iwo okha, ndipo ana ankachita manyazi. Koma bambowo m'mawa uliwonse ankasolola kathanki kaja n'kupita nako kokhuthulira akuimba mluzu, ndipo ankabwerako patapita ola lathunthu, atapeza anzawo atsopano pamzere wa anthu onyamula zimbudzi zawo.

"Ine sininagwireko olo kamodzi," anatero Anti. "Nenze kungoima pa windo kumuuza kuti wathira yambiri. Ndiye anajambula kamzere aka, ati kuti nileke kukamba."

Mankhwala ajawo anali atakhalitsa, choncho Lolemba, tonse tili pa ofu, tinakwera basi kupita kusitolo ina ya zinthu za makalavani kunja kwa tauni. Tinagula atsopano pamodzi ndi labala, kamkombero kakuda kokwana m'chikhatho. Titabwerako tinatsuka kathanki kaja ndi paipi ya m'munda mpaka madzi kutuluka oyera, n'kukaika pa tebulo lakale pakapinga. Anti anavala magalasi awo owerengera n'kutsegula kanema pafoni wa bambo wina wa ndevu woonetsa kasinthidwe kake. Iwo ankaimitsa kanemayo n'kumalamula, ine ndinkamasula zomangira. Labala yakale inatuluka itauma gwaa, ili ming'alu yokhayokha.

Yatsopano ija ulendo woyamba tinaiika chadodolido. Tinadziwa chifukwa titatseka kachitseko n'kuthirapo kapu ya madzi, madziwo anangolowa onse. Tinamasulanso, tikukangana kuti walakwitsa ndani. Ulendo wachiwiri madzi anaima pamwamba, phee. Tinawayang'ana kwa mphindi zingapo titawerama ngati anthu odikira kuti mwana ayetsemule.

Tsiku lomwelo anandiphunzitsa zonse zimene anaziona pa windo zaka zonse zija. Abuluu amapita m'kathanki ka pansi, kufika pa kamzere, n'kuonjezera jagi ya madzi kuti pansi pasaume. Apinki ndi a m'madzi otsukira. Kachitseko uzikatseka nthawi yomweyo ukamaliza. Mapepala akhale opyapyala, osati okhuthala aja a m'nyumba. Kukatentha usadikire kuti kadzaze, khuthula pakapita masiku awiri. Ukatsuka, paka timafuta ta olivi pa labala ndi chala kuti isaume. Kawindo ka padenga kazikhala kotsegula pang'ono ngakhale ukuchoka. Anafika mpaka potenga nsalu yakale ya pabedi n'kuimanga mbali imene dzuwa la masana linkawomba. Makatani tinawachapa kawiri. Pofika Lachisanu m'kalavani munkangomveka sopo ndi tiyi.

Kathanki kaja kanali ndi timatayala ndi chogwirira chosolola, ngati sutikesi ya pabwalo la ndege. Popita nako ku toileti ya m'nyumba ndinkadutsa m'mbali mwa mpanda. Bambo wina wachizungu woyandikana nafe, wokalamba ndithu, ankakonda kuthirira maluwa ake nthawi yomweyo, ndipo akandiona ankakweza chipewa n'kufunsa m'Chingerezi ngati ndikupitanso ku holide. Ulendo woyamba ndinafuna kulowa pansi. Kenako ndinamva kwa Anti kuti nayenso anali ndi kalavani kale, ndipo nthabwala yomweyo ankawanena nayo amuna awo. Kuyambira pamenepo ndinkamuyankha kuti inde, ndikupita ku Spain, ndibwera pakatha mphindi zisanu.

Chinasintha kwambiri n'chakuti Anti anayamba kubwera. Akaweruka masana ankagogoda, ati kudzaona ngati labala ikugwira, koma ankakhala mpaka tiyi kuzizira. M'nyumba mwawo munali phokoso la adzukulu oyankhula Chingerezi chokhachokha, ndiye m'kalavani muja ankavula nsapato, kutambasula miyendo, n'kumacheza Chinyanja mpaka kukhuta. Ankandiseka kuti ife a ku Malawi timatalikitsa mawu ngati tikuwerenga m'tchalitchi. Ine ndinkawauza kuti iwo amameza theka la mawu alionse. Ana anga ndikawaimbira pa kanema, Anti ankalowetsa mutu kuti nawonso aoneke, ndipo ndi iwo amene anaulula kwathu kuti chipinda changa chili ndi matayala. Mayi anga anaseka mpaka foni kugwa.

Mu Seputembala kutayamba kuzizira ndinapeza chipinda chenicheni ku Lewisham, pafupi ndi ntchito ina. Chaka chotsatira Anti anapuma pa ntchito n'kuyamba kukonzekera zobwerera ku Chipata. Kalavani ija anaipereka kwa banja lina lachinyamata la kutchalitchi. Anandiimbira kuti ndibwere tsiku loitenga.

Matayala anali ataphwa n'kumira m'dothi. Panafunika pampu, matabwa, ndi amuna anayi okankha, wachisanu bambo wa maluwa uja akulamula ali kuseri kwa mpanda wake. Itayamba kuyenda, Anti anaitsatira pang'onopang'ono mpaka pageti, dzanja lili pa khoma lake lakumbuyo, n'kuima pamenepo mpaka galimoto yoikoka inakhota pakona. Titabwerera kuseri tinapeza pamene inaima paja pali chigamba cha dothi loyera, kapinga atafa kalekale. Anti anachiyang'ana, n'kuchiponda ndi chidendene.

"Apa pangamere chibwabwa," anatero.

Anali atatsala ndi miyezi inayi yokha kuti anyamuke, koma mawa lake anagula njere za maungu n'kudzala. Zinamera. Mlungu wawo womaliza ndinapita kukawathandiza kulongedza, ndipo tinathyola masamba oyamba, kuwasadzula titakhala pa masitepe a kukhitchini, n'kuwaphika otendera. Tinadyera pa makatoni, chifukwa tebulo linali litapita kale.