Ndinaulula za Mchere, Ndinabisa za Masikono

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anayamba kuphika masikono. Musandifunse kuti chinali chaka chanji, ine sukulu ndinangoionera pazenera. Koma inali nthawi ija ya makhadi, imene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani, ngakhale ukungofuna singano. Tinkakhala kumtunda kwa Chezi, kumapiri kuja kumene chisanu cha mu Juni chimaluma makutu. Abambo anali ku Joni, kumigodi, chaka chachiwiri. Pakhomo tinalipo atatu: amayi, ine Maligita, ndi mng'ono wanga Enelesi, kamwana ka zaka zitatu, konenepa ngati dzungu. Dzina langa linkamukanika, ndiye ankangoti Ita.

Abambo atatumiza kangachepe, amayi sanagule nsalu ayi. Anagula thumba la fulawa, ufa wa tirigu uja woyera mbee, woterera m'manja. Uvuni wathu unali mgolo wodula pakati, makala pansi, makala ena pa lata pamwamba. Fungo lake, amayi anzanga, agalu a mudzi wonse ankadzakhala pabwalo pathu ngati aitanidwa ku mlandu. Koma amayi anali ndi lamulo, ndipo ankalinena chala chili m'mwamba, mawu okhuthala chonchi: "Masikono si a ana. Masikono ndi a anthu a m'basi."

Wokagulitsa ndinali ine. Beseni pamutu, Enelesi kumsana, kutsetsereka mpaka kumsewu kumene ankaima mabasi a ku Salima. Tsono taganizani, mwana ali kumsana, fungo likutsika kuchokera m'beseni kulowa m'mphuno mwake. Ankangondikanda pakhosi ndi tizala take, kamawu kang'onong'ono: "Ita, kono." Mtima wanga unali wa nyama, sunali mwala. Ndinaphunzira kuba. Poumba masikono, amayi akapita kumadzi, ndinkatsina pang'ono pa lililonse n'kuumba kamwana ka sikono, n'kukabisa pakona pa mgolo. Kakapsa ndinkakamanga pamfundo ya chitenje. Tikangopitirira mtengo wa mkuyu ndinkamasula, n'kumamupatsira paphewa, osatembenuka. Ndinkangomva nyamunyamu kumsana. Chimenecho chinali chinsinsi changa choyamba.

Chachiwiri chinali chachikulu, kapena ndinkaganiza choncho. Miyezi yomweyo ndinakula. Ndinaona zachilendo kumtsinje, ndinachita mantha, sindinauze munthu. Koma mwambo ndinkaudziwa: mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, akathira amadula anthu, makamaka ana. Ife tinali a mpingo, Lamulungu tinkayimba mpaka mawu kusasa, koma mchere tinkauopa ndithu. Tsono ndikanakana kuthira, amayi akanadziwa. Ndiye ndinkathira mothamanga, mchere wina kumwazika pamafuwa.

Enelesi anayamba kudwala pang'onopang'ono, ngati mmene chiswe chimadyera nsichi. Poyamba kutsegula m'mimba. Tinati ndi mango osapsa. Mango anatha, kutsegula osatha. Mimba inatupa ndiii ngati ng'oma, koma miyendo ngati mapesi, timatako tija tinafota n'kutsala makwinya ngati a nkhalamba. Tsitsi linafiira. Mwana woseka uja anasanduka wolira tsiku lonse, kulira kopanda misozi. Kukachipatala kakang'ono anatipatsa mankhwala a njoka zam'mimba, anamwa, palibe chinasintha. Phala ankalikana, maungu ankawalavula. Chimodzi chokha ankalandira. "Ita, kono." Ndiye ine poona kuti mwana sakudya kanthu, ndinayamba kuumba tiwiri. Ndinkati ndikumupulumutsa.

M'mawa uliwonse ndisanatsegule maso ndinkayamba ndamvetsera ngati akupuma. Ndikamubereka ndinkamva kuti wapepuka kuposa dzulo. Ndipo mumtima mawu amodzi okhaokha: mchere, mchere, mchere.

Kenako kunabwera azakhali aNambewe, mlongo wawo wa abambo, kuchokera ku Malomo. Mayi wamtali, wolankhulira m'mphuno, woti akakuyang'ana umakumbukira machimo a chaka chatha. Sanalandire n'madzi omwe. Anamutenga Enelesi, anamudina pamimba, anamukoka khungu la pamkono, anamubweza pamphasa. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndikusenda mtedza, makutu ali tcheru.

"Alamu," anatero, m'mphuno muja, "ili ndi tsempho. Achimwene anga ali ku Joni chaka chachiwiri. Tsono mwanayu wamutsempha ndani?"

Inu akuluakulu mukumva chimene ankatanthauza. Ankati amayi ali ndi mwamuna wina, n'chifukwa chake mwana akufota. Ananena kuti alembetsa kalata yopita ku Joni, ndipo nkhaniyi ikafika kwa akulu a mpingo. Anati mkazi wogulitsa zinthu kwa anthu a m'basi amadziwana ndi madalaivala. Amayi anga, munthu waphokoso ngati ine ndemwe, tsiku limenelo sanakalipe. Anangoti, chapansipansi, "Alamu, Mulungu akundiona."

Mtedza unandigwa m'manja. Ndinatuluka kuseri kuja chokwawa ndi maondo, fumbi lili mbuu, mpaka pamapazi pa azakhali.

"Amayi alibe mlandu. Ndine. Ndinakula kalekale, ndinabisa. Mchere ndakhala ndikuthira."

Ndinkadikira ndodo, koma amayi anangophimba nkhope ndi chitenje. Bola akanandimenya.

Azakhali anakakumba mizu yawo, anaiwiritsa, anandiuza kuti ndimumwetse mwana ndi dzanja langa lomwe linamudulalo. Kutacha anandinyamula kupita nane ku Malomo kuti akandilange za ukulu, ndiponso kuti ndikhale kutali ndi miphika ya amayi. Ndinakhalako mwezi wathunthu. Zimene anandilangiza theka sindinazimve, maso anga anali kunjira. Njinga iliyonse ikakhota kulowa m'mudzi, ndinkati uthenga wa maliro uja wafika. Ndikaona munthu wavula chipewa patali, ndinkati wa uthenga ndi yemweyo.

Uthenga unabweradi, ndi bambo wina wogula fodya. Anati mwana uja wachira, akudya, dzulo amathamangitsa anapiye. Azakhali anaimba nthungululu, anazungulira bwalo akudzitama ndi mizu yawo. Ine ndinapita kuseri kwa khola n'kukalira. Kukondwa ndinakondwa, koma tsopano zinatsimikizika: ndinali ine. Ndangochoka, mwana wachira. Ndinatsala pang'ono kupha mng'ono wanga ndi dzanja ili.

Nditabwerera kwathu Enelesi anandithamangira, wowondabe koma masaya akubwerera. Anandikumbatira miyendo, n'kuyang'ana m'mwamba. Mukudziwa kale chimene ananena. Mchere sindinaukhudzenso, ngakhale chikho chake ndinkachilambalala ngati muli njoka. Koma ndinkafuna kumupepesa mwanayo, ndipo kupepesa kwina sindinkakudziwa. Ndinamuumbira kasikono konenepa. Mawa lake kena. Mkuja kena.

Sabata isanathe, mimba ija ndiii. Kutsegula kuja, fungo lomwe lija, kulira komwe kuja.

Apa ndiye mantha anandigwira zenizeni. Mwana akufanso, ndipo ulendo uno Maligita sanakhudze mchere. Azakhali akamva adzati chiyani? Chala chidzabwerera kwa amayi. Masana amenewo amayi anakhala pakhonde, Enelesi atagona pamphasa pambali pawo, ine nditaima ndi beseni, wokonzeka kupita kumsewu. Amayi anandiyang'ana, maso ofiira. Anandifunsa ngati ndathiranso mchere, ndinalumbira. Anandifunsa ngati kuli mnyamata amene wandinyenga ku Malomo, ndinalumbira mpaka kutchula agogo akumanda. Ndiye anati, ngati akudzilankhulira okha, "Nanga chabwera nawe m'nyumba muno n'chiyani?"

Anayankha Enelesi. Anatambasula kadzanja kake kofooka, n'kugwira mfundo ya chitenje changa.

"Ita, kono."

Amayi anamasula mfundo ija okha. Kasikono kanagwa, kanagubuduzika, kanakaima pa chala chawo chakuphazi. Anakatola, anakatembenuza uku ndi uku.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira thumba loyamba."

"Tsiku lililonse?"

"Lililonse, amayi."

"Nanga uli ku Malomo ankamupatsa ndani?"

"Palibe."

Ndinaona milomo yawo ikuyenda, akubwerera m'mbuyo mwezi ndi mwezi: fulawa kulowa m'nyumba, mwana kuyamba kufota, ine kuchoka, mwana kudzuka, ine kubwera. Kenako anaponya kasikono kaja kwa galu, n'kundipatsa mbama imodzi, phaa, khutu kulira ngati belu la tchalitchi. Amayi anzanga, pa mbama zonse zimene ndalandira pamoyo wanga, imeneyo ndiyo inandikomera. Ndinaulula tchimo lopanda kanthu, n'kubisa lenilenilo, poti ndinkaliyesa chikondi.

Koma tinali tisanatsimikize. Masabata atatu otsatira tinkayenda ngati tasenza mazira. Enelesi osalawa kalikonse ka fulawa, kulira kono, kono, mpaka mawu kutha, ine kuthawira kudimba kuti ndisamve. Tsiku lililonse amayi ankamuyeza mkono ndi zala ziwiri. Pang'onopang'ono mimba inaphwa. Atapeza mphamvu tinamubereka mosinthana mpaka kuchipatala cha mishoni ku Mtengowanthenga. Namwino wina wachikulire anamvetsera nkhani yonse osatidula, n'kutiuza kuti alipo anthu ena, owerengeka, amene matumbo awo sagwirizana ndi tirigu, ndipo n'zamoyo wonse. Anati ngakhale kafumbi kake kamawavulaza. Za mchere anangomwetulira, n'kundisisita pamutu.

Fulawa wotsala amayi anapatsa mnzawo wa kutsidya. Mgolo anaukwecha ndi mchenga, sefa anagula wina, mthiko anasema watsopano, beseni lakale linasanduka losambira. Ndiye inayamba sukulu yathu yophikira mwana kono wopanda tirigu. Woyamba tinaphika ndi ufa woyera wokha. Anatuluka ngati chigulumwa cha pachulu, ukangogwira waa, mchenga. Galu ananunkhiza n'kuchokapo. Amayi anati tirigu ali ndi ulimbo wake m'kati, umene umagwirizitsa sikono, ndipo mwina ulimbo womwewo ndiwo umamata matumbo a mwana. Tsono ife tikabwereke ulimbo kwina.

Mverani kaphikidwe ka chikondamoyo chake, poti ena muli ndi adzukulu otere. Nthochi zikhale zakupsa mpaka khungu kuda, muzikanye bwinobwino. Pa manja atatu a mgaiwa wosefa, dzanja limodzi la ufa wa chinangwa, umenewo ndiwo umanata. Dzira limodzi ngati nkhuku yakukomerani mtima. Nthochi zikasowa, mbatata yophika yopondaponda imagwira ntchito yomweyo. Kuti chifufume, chambiko ndi kasoda kunsonga kwa supuni, mukachulutsa chimawawa ngati sopo. Osakanya ngati fulawa ayi, n'kutaya mphamvu pachabe. Muzingotakasa, chikhale chofewa ngati phala lolimba, ndiye muchisiye kanthawi kuti ufa umwe madzi. Ife tinkathira m'tizitini ta nsomba, titayala tsamba la nthochi, poti chachikulu chimapsa kunja m'kati muli matope. Moto wofatsa. Ndipo chikapsa musachidule chamoto, chimanyenyeka, dikirani chizizire ngakhale mwana akukukokani chitenje. Ufa wa mpunga wosinja pamtondo, wosefa kawiri, umatulutsa zoyera zofanana ndi sikono lenileni. Tsiku limene Enelesi analuma chimenecho n'kunena kuti kono, amayi anavina pabwalo opanda ng'oma.

Tinapunthwabe kawiri. Kamodzi kuchigayo: kumapiri kwathu ena ankalima tirigu, ndipo chimanga chathu chinalowa pambuyo pa tirigu wa munthu. Kuyambira apo amayi ankayamba afunsa chimene chagayidwa, apo ayi tinkasinja tokha. Kachiwiri paukwati, chitumbuwa cha chimanga ndithu, koma chokazingira m'mafuta a mandasi. Kumsewu tinayamba kugulitsa zikondamoyo ndi zitumbuwa, ndipo anthu a m'basi sanadandaule. Kalata ya ku Joni sinalembedwe. Azakhali okha mpaka kumanda ankati inali mizu yawo, ndipo palibe analimba mtima kuwatsutsa.

Lero zinthu zinasintha. Atsikana amathira mchere tsiku lililonse la mwezi, palibe amafota. Mwana akatupa mimba amathamangira naye kuchipatala asanayambe kuloza amake chala, ngakhale aNambewe ena alipobe, ndimawamva. Mdzukulu wanga wa ku Lilongwe anandibweretsera kapaketi ka ufa wa m'sitolo, kolembedwa Chingerezi, akuti ndi wapadera, wa anthu odwala tirigu. Ndinanyambita pachala. Mpunga ndi chinangwa! Ndinaseka mpaka chifuwa kundigwira.

Enelesi alipo, ali ndi imvi ndi adzukulu asanu ndi mmodzi, ndipo ndi wonenepa kuposa ine. Ndikamapita kukamuona ndimamuphikira chikondamoyo, n'kuchimanga pamfundo ya chitenje ngati kale. Amamasula yekha, amanunkhiza, n'kundiyang'ana ndi diso limodzi: "Ita, simunaikemo kono umu?" Timaseka. Koma ine mpaka lero, akamaluma koyamba, mpweya ndimaugwira, maso ali pamimba pake. Akameza, n'kupempha china, m'pamene ndimapuma.