Apongozi ayambiranso kudikira

Manja a achemwali anga sankadziwa kukhala. Tili ana ankapinda ngakhale zovala zopinda kale. Atalembedwa ntchito pafakitale yolongedza sopo tinawaseka kuti apeza kwawo. Ine ndinawatsatira pambuyo pake, ndili kumbali yomata mapepala pamakatoni.

Ntchito yawo inali kuika katoni yopanda kanthu pathebulo lachitsulo, ndiye loboti, chimkono chachikasu chomangidwa pansi ndi mabawuti, linkatsitsiramo sopo. Iwo ankalitchula Apongozi, ati chifukwa ankalemekezana nalo chapatali. Koma anali ndi kachizolowezi kawo: akaika katoni ankaisisita pakona kuti ikhale bwino, ngati mmene umakonzera kolala ya mwana wopita kusukulu. Bambo amene analemba pulogalamu ya lobotilo kalekale anaona zimenezo, n'kuikamo mzere woti mkonowo uziima kaye pang'ono usanatsike. Zaka zonsezo Apongozi ankadikira, achemwali n'kuchotsa dzanja. Sanakhudzanepo.

Bambo aja atapuma pantchito kunabwera wina, tinkangomuti a Magalasi. Bwana anawagulira AI, nzeru zopangidwa zapakompyuta zija, yolipira mwezi ndi mwezi, yoti iziwathandiza kulemba mapulogalamu. Eee, tinaimva mbiri yake mpaka makutu kuwawa! Ati ntchito ya sabata imatha tiyi asanazizire. Tsiku lina anaiuza kuti ikonze pulogalamu yakale ija loboti lizithamanga. Iyo inapeza mzere wodikira uja, palibe chofotokoza kuti unaikidwiranji, n'kuuchotsa ngati chinyalala. A Magalasi osawerenga n'komwe, anangovomera.

M'mawa mwake achemwali anaika katoni, n'kuisisita pakona monga mwa masiku onse. Ine ndinangomva kukuwa. Zala ziwiri za kudzanja lamanja zinapita.

Bwana sanachedwe kupeza wolakwa. Ati malamulo amaletsa kusiya dzanja pathebulo, ndiye achemwali anadzichita okha, ntchito yawathera pomwepo pokhapokha zitaoneka kuti makina ndiwo anasintha. Munthu mmodzi yekha ndiye akanatha kunena zimenezo.

A Magalasiwo anabweradi kuchipatala, atanyamula malalanje m'jumbo. Achemwali anali m'tulo. Anandikokera pakhonde, maso ali pansi, n'kutulutsa foni.

"Mayi, musaganize kuti ndangokhala chete," anatero a Magalasi. "Tili ndi gulu pa intaneti, ife olemba mapulogalamu a maloboti. Timauzana za ma AI olipirawa, abwino ndi ati, oipa ndi ati. Ndalembako, ndawachenjeza anzanga."

Ndinalanda foniyo. Analemba kuti AI yawoyo ndi yachangu, ndalama yako sipita pachabe, kungoti nthawi zina imachotsa mizere yofunika osafunsa, ndiye anthu azisamala. Pa nyenyezi zisanu anaipatsa zitatu. M'munsimo anzawo anali kukangana. Wina ati simunaifunse bwino. Wina ati gulani yokwera mtengoyo, siichita zimenezo. Wina anangoikapo kachithunzi koseka. Za dzanja la munthu panalibe, chifukwa iwo sanalitchule.

"Ndiye mwachotsa nyenyezi ziwiri," ndinatero. "Chala chimodzi, nyenyezi imodzi?"

"Ayi, mayi, si choncho..."

"Nanga bwana mwawauza?"

Anayamba kupukuta magalasi ndi malaya.

"Ndikufunsa inu! Anthu osawadziwa, oti simunaonanepo nkhope, mwawauza. Bwana ali pakhomo loyandikana ndi lanu, pakamwa pauma?"

"Mukudziwa, nanenso ndili ndi ana. Komanso bwana ndi amene anagula chinthucho, sangakonde kumva."

Mtima unandiwira. Ndinawabwezera malalanje awo, ndinati akadyetse AI yawoyo. Ndinapita ndekha kwa bwana, koma anandifunsa ngati ndimadziwa kuwerenga pulogalamu. Sindidziwa. Ndinatchula za gulu lija, pofika madzulo a Magalasi anali atafufuta zimene analembazo.

Achemwali ali pakhomo tsopano. Akuphunzira kumanga mabatani ndi zala zitatu, ndipo mwana wawo ndimamuluka tsitsi ndine. Sakalipa, ndipo zimenezo zimandipsetsa mtima kwambiri. Ndikayamba kutukwana amangoti, "Iwe, pakamwa pakopo padzakupweteketsa." Chimene anandifunsa n'chimodzi chokha, ngati amene analowa m'malo mwawo ali bwino.

Ali bwino, nanga n'kulekeranji. Mzere uja a Magalasi anaubwezeretsa mwakachetechete achemwali asanatuluke n'komwe m'chipatala. Mayi watsopanoyo sasisita katoni, amangoponya n'kubwerera m'mbuyo. Koma ndikadzutsa mutu pantchito yanga ndimawaona Apongozi atafika pamwamba pa katoni, n'kuima kaye, kudikira kuti achemwali achotse dzanja.