Asilikali a bambo a Angela

Ngati munadutsapo pa Songwe ndi katundu, a Ambokile a pa Iponga mukuwadziwa. Ndi aja aafupi, a jekete yachikasu, othamanga ndi mapepala a malole kuchoka pa windo ina kupita pa ina. Akhala akukiliya katundu pa boda zaka makumi awiri. Madalaivala a ku Mbeya amaseka Chiswahili chawo, koma akafika amafunsa iwo omwewo. Ife oyandikana nawo timangoti bambo a Angela.

Chaka chatha anayamba kutha thupi. Kudya amadya, mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zija, mbale ziwiri, koma lamba akumuboola mabowo atsopano. M'mawa uliwonse mkazi wawo Yunike amayanika zofunda zonyowa ndi thukuta. Kumanzere kwa mimba kunatupa chinthu cholimba. Pa mjigo amayi anali atagamula kale kuti ndi matenda aja. A Ambokile atakayezetsa, kachilombo sikanapezeke. Anangouzidwa kuti asilikali a m'magazi mwawo achuluka mopitirira muyeso, apite ku Mzuzu.

Tsiku limenelo kwawo anapha nkhuku. Musawaseke. Kuno mawu oti asilikali tinawaphunzira zaka za maliro zija, ndipo tinaphunzira chimodzi: akachuluka uli moyo, akatsika konzani matabwa a bokosi. Akulu awo a Ambokile, a Manase, anapita choncho. Amene ankawanyamula pa njinga kupita nawo kuchipatala anali a Ambokile omwewa, ndipo mwezi ndi mwezi ankaona nambala ya pa khadi ikutsika mpaka inafika fote.

Za ku Mzuzu anatifotokozera ndi Yunike tikupeta mpunga. Akuti dokotala wake, mayi wodekha, atamva ntchito yawo anawayankhula za pa boda. Anati m'kati mwa msilikali aliyense uthenga umayenda ngati pepala la lole: windo iyi yadinda, yapereka kwa inzake, mpaka yomaliza imalamula kuti idya, kula, berekana. Matenda akatha, windo yoyamba imatseka, zonse zimaima. Koma kwa iwo chidindo china chinakanirira, chikungodinda osapuma. Asilikaliwo akungoswana, osakhwima, osadziwa nkhondo, ndipo ndi amene akuwadyera chakudya chonse n'kudzazana m'kapamba. Anatchula dzina lake, khansa ya m'magazi, koma anati ndi mtundu womvera mankhwala. Piritsi limodzi patsiku limagwira dzanja la wodindayo. Ukasiya, amayambiranso, ndipo nthawi zina akayambiranso samveranso piritsilo.

Mankhwalawo anagwiradi. Pofika Khirisimasi chotupa chinali chitaphwa, masaya abwerera, njinga yawo yamoto yayambanso kutidzutsa mamawa. Koma ulendo uliwonse wa ku Mzuzu ankabwera ndi pepala, ndipo nambala yake inkatsika. Handiredi eyite, kenako sikisite, kenako naini. Dokotala ankasangalala. Anawauza kuti kuwerenga uku n'kwina, si kwa a Manase kuja, ndipo naini ndi pamene munthu wabwinobwino amakhala. Iwo anati ndaga, zikomo wa kuno, napinda pepalalo.

Mu Epulo zofunda zinayambanso kuoneka pa chingwe m'mawa. Yunike anati ndi kutentha. Kutentha kwanji, mvula ikugwa tsiku lililonse? Kenako tinaona bambowo akukwera njinga mopendekera, dzanja lili pa nthiti.

Loweruka lapitali Yunike anatsegula pansi pa mpando wa njingayo kufuna sipanala yomangira chitseko cha khola. Anapeza mapiritsi atakulungidwa m'fomu yakale ya kasitomu, odzaza dzanja. M'mawa uliwonse iye ankawapatsa piritsi limodzi ndi tiyi, iwo n'kuliika m'kamwa osameza, n'kutuluka. Mpanda wathu ndi wa bango, ndiye zonse zinamveka.

"Bambo a Angela, munasiya liti?"

Anati Febuluwale.

"Ndiye mumandinamiza ngati mwana?"

"Yunike, a Manase anafa ali ndi fote. Ine ndili ndi naini. Ukufuna ndimwe mpaka ifike ziro?"

Yunike anabwereza zonse za dokotala, za chidindo, za windo, mwina bwino kuposa dokotalayo. Iwo anati zimenezo anazimva, mutu unavomera, koma akalitenga piritsilo amaona khadi ya akulu awo, n'kulephera kulimeza. Anati amangofuna asilikaliwo akwereko pang'ono, afike penapake poti munthu n'kugona tulo, kenako ayambirenso kumwa. Yunike sanakalipe. Tinangomva akukoka madzi m'mphuno.

Lolemba anakatengetsa magazi ku Karonga. Lachitatu foni inalira Yunike ali kwathu, ndipo anaiika pa sipika chifukwa manja anali ndi sopo. Anali dokotala uja. Sanatchule nambala. Anati m'magazimo mwaoneka asilikali aang'ono kwambiri amene kale munalibe, bambowo abwere mawa lomwe, asadikire tsiku lawo. Anafunsa ngati m'kamwa mukutuluka magazi akamatsuka mano. Yunike anati kuyambira sabata yatha. Dokotala anati atenge zovala zokwanira masiku ambiri, ndipo ngati pali achibale athanzi oti angapereke magazi, abwere nawo awiri.

Anyamuka lero m'mawa. Kufika pa msewu ndi pafupi, koma a Ambokile anapuma kawiri. Angela ndi amalume ake akwera nawo basi yomweyo.