Usandidziwe pa Anzako

A Rabson a ku Mkanda sanabadwire m'makala ayi. Anabadwira pa esiteti ya fodya, m'kanyumba kaudzu ka matenanti, makolo awo atachoka ku Phalombe kudzasaka moyo kuno ku Mchinji. Anakula akusoka fodya m'chigafa, nakwatira Zelifa, mwana wa tenanti mnzawo, ndipo akanakalambira pomwepo esitetiyo ikanapanda kugulitsidwa. Mwini watsopano anabwera ndi mathirakitala ndi anthu akeake, matenanti nauzidwa kuti akakolola aone msewu. Kwawo kwa makolo a Rabson sankakudziwa n'komwe. Anapempha malo m'mudzi wina m'munsi mwa phiri, napatsidwa kamunda kamchenga koti chimanga chake chimatha mvula isanayambe. Ana anali atabadwa kale, ndiye bamboyo anatenga nkhwangwa n'kukwera phiri.

Ntchito ya makala musamaionere pamsika thumba litasokedwa kale. Munthu amagwetsa mombo kapena muwanga, kuuduladula, kusanja bwino, kukwirira ndi udzu ndi dothi, kenako kuyatsa n'kumalondera utsi. Uvuni ukabooka pena mphepo n'kulowa, nkhuni zonse zimasanduka phulusa, thukuta lonse lapita pachabe. Makala akapsa, kufukula akadali otentha, kulongedza, kumangirira panjinga, n'kukankha mumchenga mpaka ku boma, kumene ngakhale madalaivala a mathiraki ochokera kumalire amaima n'kugula. A Rabson anachita zimenezi mpaka msana unapindika, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Za anthu a m'tauni amene amanyoza ootcha makala mbaula ili lawilawi pakhonde pawo, tisayambe, tingakwiye.

Koma tisawanamizirenso a Rabson kuti sankaona. Ankaona. Mitengo imene kale ankadula pafupi ndi mudzi, tsopano ankaitsata mpaka kuseri kwa phiri. Kamtsinje kamene a Zelifa ankachapako kanayamba kuphwa chilimwe chisanafike pakati. Akamatsika madzulo n'kucheuka, ankaona zitsa zokhazokha, ndipo mtima unkawawawa. Sankauza munthu. Mawa lake ankakweranso.

Mwa ana awo onse, Tionge ndiye anali ndi mutu wa sukulu. Anakhoza pulayimale, anakhoza sekondale, mapeto ake anasankhidwa kupita ku yunivesite ku Lilongwe. Ndipo dzikoli lili ndi chipongwe, chifukwa maphunziro amene mwanayo anakatenga anali a nkhalango ndi chilengedwe. A Kwacha, mnzawo wootcha naye makala, ankawaseka kuphiri. "Achimwene, inu ndiye mwadzilerera wokugwirani." A Rabson ankaseka nawo, koma kusekako sikunkafika pansi.

Chaka chachitatu cha Tionge, mvula itangoyamba, foni inalira a Rabson akukonza tcheni cha njinga. Anali mwanayo, mawu ali myaa ndi chisangalalo. Anati kalasi yawo ikubwera ndi aphunzitsi kudzacheza ndi midzi yozungulira phiri ndi kudzabzala mitengo. Msonkhano udzakhala pa sukulu ya pulayimale ya kutsidya, ndipo iyeyo ndi amene wasankhidwa kudzayankhula.

M'maso mwa a Rabson munabwera ana a mabwana ovala bwino, akulozerana chala kuti taonani, wotiphunzitsa kusamala mitengo uja bambo ake ndi awo akudula mitengowo. Anaona mwana wawo akubwerera ku Lilongwe mutu uli pansi, dzina lachipongwe litamumatirira mpaka kumaliza sukulu. Zimenezo sakanazilola.

"Tionge, tamvera. Tsiku limenelo usandidziwe pa anzako."

"Ababa, mukutanthauza chiyani?"

"Ukandiona, undidutse ngati munthu wamba. Usandipatse moni."

"Ine sindichita nanu manyazi, Ababa."

"Sindinafunse zimenezo. Ndanena, ndipo ine ndine bambo ako."

Mwanayo analeredwa bwino, sanatsutsenso. A Rabson anauza a Kwacha kuti apemphe anthu a m'mudzi mwawo asunge pakamwa. A Zelifa anakana kupita kumsonkhanoko. Anati iwo sangaone mwana amene anamubereka kumsana n'kuyang'ana kumbali, bola akapalire mtedza wawo. A Rabson nawonso anali atakonza zokhala kuphiri tsikulo, koma kutacha, miyendo inakana. Mwana anali asanamuone kuyambira tchuthi chapitacho. Anasamba, anavala malaya awo a kutchalitchi, nati akangomuonera patali.

Pabwalo la sukulu panadzaza anthu a midzi yambiri, ambiri osadziwana. Basi ya yunivesite inaima pansi pa mtengo wa mango, mbande zili m'machubu pambali pake. Alendo anawaikira mabenchi a m'kalasi, eni mudzi nakhala pansi monga mwa masiku onse. A Rabson anakadzipanikiza kumbuyo, pagulu la ootcha makala, chipewa chili m'maso. Anamuona Tionge akutsika basi, atavala sikipa yobiriwira ngati anzake onse. Mwanayo anaponya maso pagulu, anawapeza bambo ake, n'kuchotsa maso msanga.

Ophunzira onse anakhala pamabenchi, kupatula iye. Anatulutsa chitenje m'chikwama, nachiyala padothi lonyowa kumapeto kwa benchi, n'kukhala pansi.

"Tionge, malo alipo apa," anatero a Phillip, mphunzitsi wawo.

"Ndakhala bwino pompano, aphunzitsi."

Anzake anaseka, wina nati mtsikanayu wayamba kampeni. Sanadziwe. A Rabson okha ndiwo anamva nkhaniyo bwinobwino. Kwathu kuno mwana wamkazi sakhala pampando bambo ake atakhala pansi. Moni anamuletsa, koma ichi sanakumbukire kumuletsa, ndipo mwanayo anakhala padothi msonkhano wonse, chinyezi chikulowa m'chitenje.

Anayankhula a komiti ya nkhalango, anayankhula a Phillip, Chichewa chawo chikugundana ndi Chingerezi. Kenako inafika nthawi ya Tionge. Anaomba m'manja mwaulemu, napempha makolo kuti amulole aime.

Sanabwere ndi mawu a m'buku. Anatchula mitengo imene inalipo paphiri iye ali mwana, masuku amene ana ankatola, bowa amene amayi ankazula, natchulanso timitsinje timene tauma, kamodzikamodzi ndi mayina ake. Anati sanabwere kudzatukwana munthu, chifukwa wootcha makala si mfiti, ndi kholo lofuna kudyetsa ana. Koma anatinso sanama: phiri likutha, ndipo amene akulimaliza akudziwa okha. Anapempha kuti wodula asamaotche chitsa kuti chiphukenso, kuti midzi ibzale nsungwi zodzaotcha m'tsogolo, ndipo anaonetsa makala oumbidwa kuchokera ku makoko a mtedza, omwe anthu amangowataya kuseri kwa nkhokwe. Anthu ankamvetsera, akugwedeza mitu.

Nthawi yonseyi maso ake ankayenda paliponse, koma akafika kumene kunali ootcha makala ankalumpha. A Rabson anapeza chimene anapempha, ndipo chinawapweteka kuposa mmene ankaganizira. Mwana wawo weniweni, woyankhula mpaka anthu kugwedeza mitu chonchi, ankawadutsa ngati chitsa cha m'njira, ndipo wolakwa panalibe koma iwo eni.

Pambali pawo panakhala bambo wina wa mudzi wa kuseri kwa phiri, wootcha makala nayenso, amene sankadziwana naye. Bamboyo anatsonya, nayankhula mokweza ndithu kuti oyandikira amve.

"Ana a mabwana awa. Ameneyu njala anaionapo? Bambo ake ali phee mu ofesi ku Lilongwe, nkhwangwa sanaigwirepo, ndiye atitumizire kamwana kadzatiphunzitse ife za phiri."

Ena anavomereza ndi mitu. A Kwacha anawagwira a Rabson pabondo kuti aleze mtima, koma zinali zitachedwa. Kunyozedwa kwa makala anakuzolowera kalekale. Chimene sanathe kupirira n'chakuti mwana amene anamukankhira njinga mumchenga zaka zonsezi apatsidwe bambo wina, wa mu ofesi, iwo ali pompo akumva. Anavula chipewa, naimirira pang'onopang'ono, mawondo akulira.

"Pepani akuluakulu, ndadula mawu." Anatsokomola kaye. "Akulu awa akuti mwanayu ndi wa bwana wa ku Lilongwe. Si zoona. Ameneyu ndi Tionge, mwana wanga. Ine ndine Rabson, ndimaotcha makala paphiri lomweli."

Ophunzira pamabenchi anatembenuka onse. A Rabson atamva mawu awo omwe akubwerera m'makutu, anazindikira chimene achita, ndipo mantha anawagwira. Lamulo anaika okha, aliphwanya okha, ndipo manyazi amene ankamubisira mwana awakhuthulira okha pamutu pake, pamaso pa aphunzitsi.

Tionge anaika pabenchi makala a makoko amene anali m'manja mwake. Anayenda pakati pa anthu, akuwerama ndi kupepesa podutsa, mpaka kumbuyo kwa gulu. Atafika anagwada m'matope, nalandira dzanja la bambo ake ndi manja awiri.

"Mwaswera bwanji, Ababa?"

Misozi inali ikutsika m'masaya mwake, osaipukuta.

"Ndakuchititsa manyazi, mwana wanga," anatero a Rabson motsitsa.

"Manyazi ndinali nawo kuyambira m'mawa, pamene ndimakudutsani. Ndimangodikira kuti munene nokha."

Palibe anaseka. Bambo wa kuseri kwa phiri uja anazolika, akukanda pansi ndi kamtengo. A Phillip anaimirira, nanyamula benchi mbali imodzi, wophunzira wina nagwira mbali inayo, kuti akawapatse a Rabson pokhala. Iwo anakana ndi dzanja. Anali asanathane ndi mwana wawo.

Ankadziwa kuti zimene Tionge anatsala nazo kunena zinali zolemera, zokhudza nkhwangwa yawo ndi chakudya cha pakhomo pawo, ndipo ankadziwanso kuti tsopano, anthu onse atadziwa, mwanayo adzafuna kuzifewetsa. Anamudzutsa pogwira phewa.

"Pita ukamalize, anthu akudikira. Unene zonse mmene unakonzera. Usachotsepo kanthu chifukwa cha ine."