Nyenyezi Yosatuluka Kwathu Kuno

Ndine ndinasankha miyendo ya telesikopiyo ija, chitoliro choonera mwezi ndi nyenyezi. Amuna anga mpaka lero amakhulupirira kuti mng'ono wawo wa ku Joni ndiye anagula zolakwika, ndipo chatha chaka awiriwa asakulankhulana. Alamu angawo sanandiulule. Inenso sindinadziulule. Ndikulemba chifukwa pepala silindiyang'ana kumaso.

Mwana wathu wamkazi anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi pamene anayamba kugunda zinthu: ndowa, chitseko, njinga ya bambo ake. Ndinkamukalipira kuti ndi chibwana, ine pulofesora wa setifikadu, wophunzitsa ana a eni. Adotolo a ku Tete atamuunika anati mitsempha ya m'maso ikufota, mankhwala palibe. Anati pano mwanayo akuona ngati munthu wosuzumira pabango, ndipo bangolo lizingochepa. Nditafunsa kuti mpaka liti, anangotambasula manja.

Pobwerera, m'shapa, minibasi ya kwathu kuno, mwanayo anandifunsa za chithunzi cha m'buku langa lophunzitsira, cha mwezi wodzaza maenje.

"Amayi, maenje aja anakumba ndani? Akufuna kubzala kachewere?"

"Palibe anakumba, mwanawe."

"Mwina mukunama. Ndikufuna ndione ndekha."

Bambo ake anazimva zimenezi. Sabata yomweyo anagulitsa ng'ombe imodzi ya pangolo kuti tigule telesikopiyo.

Tinapita kukafunsa nzeru kwa apulofesoro ena okalamba a ku Fonte Boa, amene anaphunzitsa za sayansi zaka zambiri asanapume. Anatikhazika pakhonde n'kumajambula pansi ndi kamtengo. Anati chitoliro choonera si nkhani. Nkhani ndi chimene chachinyamula. Mtundu wina ndi chitoliro chachikulu chokhala pabokosi lamatabwa, umangochiika pansi n'kumakankha ndi dzanja. Wina ndi wa miyendo itatu, wokhala ndi motoro wotsatira mwezi pamene ukuyenda. Umenewo ndi wa anthu ojambula zithunzi.

"Tengani wa bokosi," anatero. "Winawo ndi ng'ombe yosaphunzira goli. Umafuna nthawi, ndipo inu nthawi mulibe."

Amuna anga anavomera. Ine ndinagwira mawu ena amene akuluwo anangotchula podutsa, akuti pabokosi mwezi sukhalitsa, pakangopita kanthawi umatuluka m'galasi, umafunika kuukankhira. Mwana wanga panthawiyo ngakhale supuni m'mbale ankaifufuza. Ndinati, akamadzati wapeza poika diso, mwezi udzakhala utapita. Komanso, ndisaname, ndinkafuna chithunzi. Ndinkafuna kanthu kodzatsala m'telefoni mwanga zonse zikadzatha.

Amuna anga anatumiza uthenga kwa mng'ono wawo kuti agule wa bokosi. Mawa lake, pa nthawi yopuma kushikola kumene ndimaphunzitsa, ndinatumiza wanga: "Alamu, tasintha maganizo. Gulani wa motoro." Ndinalemba kuti tasintha, ngati tinali awiri.

Katunduyo anafika pa Ulongwe kumayambiriro kwa Junyu. Amuna anga atamasula makatoni n'kuona miyendo yachitsulo, anaimba telefoni nthawi yomweyo.

"Ndinati bokosi, iwe! Ku Joniko kwakugonthetsa makutu? Kapena umaona ngati ife a kumudzi sitidziwa chimene tikufuna?"

Alamu sanatchule za uthenga wanga uja mpaka telefoni inadulidwa. Ine ndinali pomwepo, ndikusankha nyemba. Sindinadzutse mutu.

M'makatoni muja munali kabuku ka Chingelezi ka zithunzi. Gawo loyamba linkati lozetsani msana wa makinawo ku nyenyezi ya kumpoto, imene siyenda. Ine ndinaphunzitsidwa kuti gawo loyamba salumpha, ndipo ana a m'kalasi mwanga ndimawauza zomwezo. Choncho madzulo aliwonse, dzuwa likangolowa, tinkatulutsa chinthucho pabwalo, kulumikiza bateriya ya njinga yamoto, n'kuyamba kufuna nyenyeziyo. Mwana ankakhala pampando, atafunda bulangete, akudikira kuitanidwa.

Poyamba tinati ikubisika ndi mabulugama, amuna anga n'kusadza nthambi. Kenako tinati ndi phiri. Tinabwereka ng'ombe, n'kukweza zonse pangolo mpaka pamtunda kwa achibale athu cha ku Domwe. Kumeneko tinapeza nyenyezi ina yowala n'kusangalala, koma titabwerako kokadya tinaipeza itasuntha ngati zinzake.

Anansi anayamba kutizolowera.

"Apulofesora, yapezeka mbuzi yanu yosochera ija?"

"Mfuti yanuyo ikagwetsa mwezi mutipatseko mwendo!"

Ndinkaseka nawo. Tsiku lina amuna anga anatopa, anakankhira kabukuko pambali n'kulozetsa chitolirocho kumwezi ndi manja. Anaupeza, anafuula. Koma motoro m'malo mougwira unkauthawitsa chammbali, ndipo pamene mwana ankafika ndi diso lake, munali mdima wokhawokha. Tinayesa katatu. Kachinayi anati khosi lamuwawa.

Kenako kunabwera chiperoni, chinadya masabata awiri. Amuna anga ankati tibwerere kwa apulofesoro aja. Ine ndinkati tiyesenso mawa. Ndinkaopa kuti akuluwo akangondiyang'ana adziwa. Junyu anatha choncho, Julyu nayenso, miyezi imene kumwamba kwathu kuno kumayera ngati kwatsukidwa. Mwana anasiya kupita yekha kuchimbudzi.

Kumapeto kwa Agoshitu ndinapalasa njinga ndekha kupita ku Fonte Boa, kabuku kali m'chikwama. Akuluwo anawerenga gawo loyamba lija n'kuseka.

"Mwana wanga, nyenyezi imeneyi kuno ili pansi pa nthaka. Kwerani phiri lililonse, simudzaiona. Bukuli analembera anthu a kumpoto kwa dziko. Ife timalozetsa kummwera." Kenako kuseka kunatha. "Mwayamba liti kuifuna?"

"Junyu."

Anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali. Sanandifunse amene anasankha makinawo.

Anabwera kwathu mwezi utafika theka. Anatembenuza miyendo ija kuti iyang'ane kummwera, anayeza ndi nyenyezi zinayi zija zooneka ngati mtanda, n'kusuntha kabatani kamodzi kuti motoro uzizungulira mbali inayo. Madzi a tiyi amene ndinawateleka anali asanawire pamene anati zatheka.

Anthu anali atayamba kutentha tchire, utsi uli tolo, mwezi utafiira pang'ono. Komabe nditaika diso ndinaona. Maenje enieni, ena aakulu, ena tating'ono, okhala ndi mithunzi m'kati. Motoro unkang'ung'udza, mwezi uli phee, osasuntha. Unali kudikira, monga mmene ndinkafunira.

Ndinamunyamula mwana n'kumuimika pampando. Amuna anga ndi apulofesoro anali kumbuyo kwake. Ine ndinali pambali, nditamugwira mapewa.

"Ndaona, amayi! Ndaona maenje!"

Kuwala kwa mwezi kukatuluka m'kagalasi koikapo diso kaja kumapanga kadontho koyera, ndipo kumayenera kugwera m'diso. Ine ndinkakaona kadonthoko. Kanali patsaya pake.

Ndinamugwira chibwano n'kumusuntha pang'onopang'ono mpaka kuwalako kunalowa pakati pa diso penipeni. Ine pondilowa koyamba ndinaphethira, misozi n'kulengeza. Iye sanaphethire.

"Nanga pano?" ndinanong'ona.

"Ndaona, amayi," anatero, ndi mawu omwe aja.

Amuna anga anakhala pansi padothi n'kuyamba kulira. Ankangoti, "Waona. Mwana wanga waona." Apulofesoro anakwera njinga yawo osamwa tiyi. Chithunzi sindinajambule, ndipo sindinajambulepo mpaka lero.

M'mawa mwake ndikumuluka tsitsi, mwanayo anandifunsa motsitsa mawu, "Amayi, abambo asangalala?"

"Asangalala, mwanawe."

"Chabwino," anatero, n'kuweramitsa mutu kuti ndipitirize.

Pano saona ngakhale khomo kukacha. Bambo ake amauza aliyense wobwera pakhomo, ngakhale ogula kachewere, kuti mwana wawo anaona maenje a pamwezi maso asanatseke, ngakhale mng'ono wawo anayesetsa kuwononga. Akamanena zimenezi mwanayo amakhala pomwepo akumwetulira, ndipo akafunsidwa amafotokoza, maenjewo n'kumachuluka ulendo uliwonse.

Ndikanena za uthenga uja, abale awiriwa agwirizananso. Koma ndikudzidziwa: ndikangotsegula pakamwa sindithera pomwepo, ndinenanso za kadontho ka patsaya. Ndiye kuti ndawalanda amuna anga chinthu chokhacho chimene chawatsalira, chimene mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi anawapangira yekha mumdima. Choncho ndangokhala chete, ndimathira ndemanga akamasimba.

Inu amene mwawerenga mpaka apa, makamaka amayi anzanga: pamene ndinamusuntha chibwano n'kuona kuti sanaphethire, ndikananena? Kukhala chete kumeneku ndikusungira mwana wanga mphatso yake, kapena ndikungobisala kumbuyo kwake? Ndinachita bwino kodi?