Ndinapempha buluu wa nsomba, anandipatsa buluu wa malaya

Mboni zanga ndi ziwiri, ndipo zonse zili moyo. A Phiri, mkulu wa mpingo amene ndimawameta Loweruka lililonse. Iwowa sananamepo chibatizidwire. Ndi amai Tembo, ogulitsa vitumbuwa pakhomo pa shopu yanga yometera kuno ku Katete. Mboni yachitatu inali nsomba, koma imeneyo tiipeza kumapeto.

M'shopu mwanga muli tanki yagalasi. Munali nsomba zisanu zagolide zomwe ndinabwera nazo kuchokera ku Lusaka, chidebe chili pamiyendo ulendo wonse. Anthu amadumpha ometa anzanga kudzameta kwa ine chifukwa cha nsombazo. Mwana wolira akaziona amaiwala kuti ali ndi mutu. Yaikulu ndinaitcha Mlamu, chifukwa imadya za anzake ndipo zobwerera kwawo siikamba.

Lolemba lina ndinaona timadontho toyera pa zipsepse zawo, ngati wina waziwaza mchere. Zinali kudzikanda pamiyala. A Phiri anafufuza pafoni nati ndi tizilombo tokakamira pakhungu. Kuchiza kwake: kufunditsa madzi pang'onopang'ono, kamchere pang'ono, ndi mankhwala amadzi ooneka buluu. Amai Tembo anafuula ali panja: "Mwaiwala tomato ndi anyezi!"

Kufunditsa kunakanika. Magetsi kwathu kuno amabwera ngati mlendo wosokera: moni, madzi akumwa, wapita. Chiyembekezo chonse chinatsalira pa buluu.

Naini koloko ndinali pa shopu ina ya mankhwala a ziweto. Dzina sinditchula, eni ake akudzidziwa. Ndinafotokoza kuti nsomba zikudwala.

"Zouma kapena zaziwisi?" anafunsa mwini shopu.

Ndinati zamoyo.

"Nanga osangozidya bwanji zisanafe?"

Ndinatchula mankhwala a buluu aja. Nkhope yake inawala. "Buluu? Aa, bosi, nkhani yaing'ono iyo. Tiitanitsa ku Lusaka. K180. Bwerani mailo." Ndinalipira pomwepo.

Mailo ya m'tauni muno mukuidziwa. Ndi dzulo, ndi mawa, koma lero ayi.

Lachiwiri akuti basi yafera pa Sinda. Lachitatu akuti yadzuka, koma yadutsa pa Katete osaima. Lachinayi akuti katundu wasokonekera ndi wa munthu wa ku Vubwi. Ndikulumbira, botolo limenelo laona dziko kuposa ine. Likuyenda choncho, nsomba ziwiri zinatembenuza mimba.

Lachisanu anandipatsa botolo la madzi akumwa, lopanda kapepala, muli zabuluu. Ndinafunsa muyezo wake. Akuti, "Thirani mpaka mtima wanu ukhutire."

Ndinathira. Mtima sunakhutire, koma madontho aja anayera kwambiri moti a Phiri anaphimba maso ndi chipewa. Afunseni. Amai Tembo analowa, naviika chala, nachiyang'ana padzuwa.

"Achimwene, uyutu ndi buluu wochapira. Ndi yemwe ndimaviikamo bulauzi yanga ya ku chigwirizano."

Tinatunga madzi onse ndi ndowa, kusintha, kutsuka miyala. Makasitomala anathawa, wina mutu utametedwa mbali imodzi. Mpaka lero amayenda motsamira khoma. Pofika madzulo nsomba zina ziwiri zinali zitapita, zoyera bwino ngati zikupita ku ukwati.

Ndinabwerera ku shopu kuja botolo lili m'manja. Mwini shopu sanaphethire n'komwe.

"Munati buluu. Kodi ameneyu ndi wofiira?"

Ndinati nsomba zanga zafa.

"Koma zinayera kapena sizinayere?"

Tandiuzeni abale, munthu wotere ndi amene tikumupatsa ng'ombe zathu? Mlimi akapempha mankhwala a nkhupakupa amamupatsa chiyani, sopo wosambira? Nanga basi yofera pa Sinda ija inanyamula chiyani, poti buluu wochapira ali mbwee pamsika, pafupi ndi machesi? Mayankho sindikuyembekezera. Ndikungofunsa kuti mafunso asandiwolere m'mimba.

Ndalama anati anditumizira pafoni. Mailo.

Inu amene mukuganiza zoweta nsomba za m'galasi kuno, gulirani limodzi mankhwala ake konko ku Lusaka, a kapepala kolembedwa. Apo ayi, wetani mwala. Sudwala.

Mlamu anatsala yekha. Analimbikira, monga alamu onse. Madzi ndinkasintha, kamchere ndinkaika, magetsi ndinkawapempherera. Koma madontho anafika m'makha, mopumira mwake. Anayamba kupumira pamwamba pa madzi, chakudya chikumudutsa pamphuno osachiyang'ana. Mlamu kukana chakudya! Pamenepo ndinadziwa kuti kwatha.

Lero m'mawa ndamupeza atagona chagada. Amai Tembo anandibwereka chipande chawo chovuulira vitumbuwa. A Phiri anavula chipewa. Ndikumuvuula, foni inalira m'thumba.

K165. Pansi pake pali mawu: "Tachotsapo ya buluu, poti munagwiritsa ntchito."